Ndinalipira ndalama kuti ndigone m'nyumba yaudzu ku Japan

Amayi anaseka mpaka kutsokomola nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp. Akuti "iwe mwana, ndege yonse ija unakwerera kukagona m'nyumba yaudzu? Si ukanangobwera ku Domwe kuno kudzagona m'khitchini mwa agogo ako ulere?" Ndinasowa choyankha.

Ndinali kumeneko pa maphunziro a zaulimi a milungu ingapo, ndiye Loweruka lina tinakwera basi ku Takayama kupita ku mudzi wa nyumba zaudzu wa Shirakawa-go m'chigawo cha Gifu, ulendo wosakwana ola limodzi. Munali mu February. Ine ndimadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa chifukwa cha June wa ku Ulongwe, koma abale inu kuja ndi zina, sinowo amaunjikana kupitirira msinkhu wa munthu, zala zanga zinachita kuuma gwaa osatha kugwira foni.

Nyumbazo amazitcha gassho-zukuri, akuti chifukwa denga lake limaoneka ngati manja a munthu amene akupemphera. Ndi lotsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 60, kuti sinowo asakhazikike pamwamba n'kulithyola. Mu 1995 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika mudziwu limodzi ndi midzi ya ku Gokayama pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Udzu eti! Womwe uja kwathu timachita nawo manyazi, munthu akangogulitsa fodya kapena mbatatesi choyamba ndi malata.

Agogo aakazi omwe anatilandira anatiuza tivule nsapato pakhomo, kenako anatikhazika pafupi ndi moto umene uli pakati pa nyumba, m'kadzenje ka makona anayi, iwo amati irori. Fungo la utsi uja litangondifika m'mphuno basi mtima unabwerera kumudzi, ndinaona agogo anga akukoleza moto pamafuwa ife tikuwotcha chimanga. Ndipo utsiwo sautulutsa dala, umakwera kudutsa m'mipata ya matabwa mpaka kudenga, kumaumitsa udzu ndi kuthamangitsa tizilombo. Nditakwera m'chipinda chapamwamba ndinapeza mitengo yonse yakuda bii ndi mwaye, ndinafunafuna msomali koma ayi ndithu, palibe olo umodzi, zonse ndi zomanga ndi zingwe ndi nthambi zopota, monga mmene bambo ankamangira phaso ndi luzi. M'mwambamo kale ankawetamo mbozi zopanga ulusi wa silika.

Chimene chinandipweteka pang'ono ndi nkhani yofolera. Udzu wawo amaunjika wokhuthala kupitirira theka la mita, ndiye umakhala zaka 20 mpaka 30 asanasinthe, pomwe wathu zaka ziwiri zitatu wayamba kale kudontha, mvula ikagwa usiku kumadzuka kusuntha mphasa. Ikafika nthawi yofolera mwambo wawo ndi wakuti mudzi wonse umabwera, anthu oposa 100 pa denga limodzi, ena kuponya mitolo ena kumanga, amayi kuphika. Iwo amati yui. Ine ndinati koma imeneyi si dima yathu yomwe ija? Kusiyana kwake n'kwakuti ife dima tinaitaya, lero ukaitana mnansi kuti adzakuthandize kufolera ayamba wafunsa kuti ganyuyo ndi mametikali angati. Ngakhale kwa iwonso akuti achinyamata akuthawira m'tauni ndipo ambiri akulemba akatswiri ntchitoyi.

Moto amauopa zedi, mudzi wonse uli ndi mipopi yamadzi yobisika m'tinyumba ting'onoting'ono ndipo amaiyesa chaka ndi chaka. Apa ndinakumbukira nkhokwe yathu imene inapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa.

Kugona tinagona pansi, pa matiresi oyala pamikeka yawo ya tatami, zipinda zongolekanitsidwa ndi zitseko zopepuka moti mkonono wa mnzanga wa chipinda china ndinaumva usiku onse. Chimbudzi chokha ndiye chamakono, mpando wake wofunda, ndinakhalitsamo dala.

Malata a amayi ndigulabe chaka chino, asadandaule, ndinalonjeza kale. Koma ndawauza kuti khitchini ya agogo asaigwetse, ndikabwera mu Julaye tikamwete tsekera wambiri tiyese kufolera mokhuthala ngati kuja. Anangoti "ubwere ndi a Japan akowo adzakuthandize kusenza."