Sipika ya amayi yasiya kudukiza

Amayi anabwera kudzakhala nafe kuno ku Kasungu maso atayamba kuwavuta. Baibulo sathanso kuwerenga, ndiye tsiku lawo lonse lili m'makutu: kwaya m'mawa, nkhani masana, ulaliki madzulo. Ndinawagulira sipika yolumikiza pa wifi kuti ndiziwaikira zomvera kuchokera pa foni yanga ngakhale ndili kukhitchini. Chipinda chawo chili kumapeto kwa nyumba, kuseri kwa makoma awiri a njerwa zootcha, choncho ndinagulanso timabokosi titatu ta mesh, tija timapatsirana netiweki kuti ifike chipinda chilichonse.

Sabata yoyamba zinayenda. Kenako ndinayamba kumva akuitana: "Iwe, kawailesi kako kaja kangoti zii." Nyimbo inkaduka pakati pa ndime, n'kubweranso kwaya ili kale pa kolasi. Masiku ena foni sinkaiona n'komwe sipikayo, chonsecho kanyali kake kakuyaka. Zinkandipweteka kuwapeza atakhala duu pakama, manja pamaondo, akudikira.

Poyamba ndinkati ndi bandulo. Ndinagula ina, koma vuto silinasunthe, ndipo pabalaza ana ankaonera makanema osadukiza. Intaneti inkalowa m'nyumba bwinobwino.

Chimene ndinachedwa kuzindikira n'chakuti m'nyumba imodzi munali netiweki ziwiri. Rauta ya simu khadi inkatulutsa wifi yake n'kumagawira zipangizo maadiresi (manambala ozindikiritsa chipangizo chilichonse pa netiweki), bokosi lalikulu la mesh nalonso linkagawa akeake. Nditayang'ana, adiresi ya foni yanga inkayamba ndi 192.168.8, pomwe ya sipika inkayamba ndi 192.168.68. Sipika zotere zimadzilengeza zokha kuti foni izipeze, koma kulengezako kumamveka m'netiweki yake yokhayo, sikudumphira ina. Zinali ngati kuima pakhomo n'kumaitana munthu amene ali mudzi wina. Ndinasintha mesh kuti izigwira ntchito ngati access point, kutanthauza kuti izingofalitsa wifi, maadiresi izigawa rauta yokha, ndinazimitsa wifi ya rautayo, ndipo kuyambira tsikulo foni imaipeza sipika nthawi zonse.

Kudukiza kunatsala, ndipo apa wolakwa ndinali ine. Kabokosi kachitatu ndinakaika m'chipinda cha amayi momwemo, pambali pa sipika, poganiza kuti kuyandikana ndiye kofunika. Ndinaiwala kuti kabokosiko nakonso kamapempha netiweki kwa kanzake. Pa foni mizere inkadzaza, koma chimene kankagawacho chinali nyenyeswa zimene zapulumuka makoma awiri aja. Wifi yathu imayenda pa mafunde a mitundu iwiri: a 5 GHz ndi othamanga koma njerwa zimawafooketsa msanga, a 2.4 GHz amafika patali, koma kumeneko kuli chithinithini, pakuti Bluetooth ndi ma wifi a aneba amadutsa momwemo, ndipo matchanelo, tinjira todutsamo mafundewo, osapondana alipo atatu okha: 1, 6 ndi 11. Kabokosi kachitatu kaja ndinakatulutsa n'kukaika m'kolido, pamwamba pa kabati, pamene kamaonana ndi kanzake chitseko chikatseguka. Kachiwiri kanali pafupi ndi firiji, nako ndinakasuntha, chifukwa chitsulo chimatchinga. Mapeto ake ndinadutsitsa waya wa ethernet, wolumikiza timabokosi mwachindunji osadalira mafunde, m'siling'i kuchoka pabalaza kufika m'kolidomo. Ndinatsika fumbi lili mbuu m'tsitsi, koma amene angathe, waya ameneyu asamunyalanyaze. Palibe china chimene chinathandiza kuposa iye.

Chomaliza ndi magetsi. Akathima n'kuyakanso, sipika imadzuka msanga kuposa timabokosi, ndiye imagwira kalikonse kamene kayamba kuyaka, kawirikawiri kapabalaza kakutali kaja, n'kukakamira pomwepo osasiya. Kabatire kosungira rauta ndi timabokosi sindinakagulebe. Pakadali pano ntchitoyi ndinapatsa mwana wanga wamkazi: magetsi akabwera amadikira nyali za timabokosi zileke kuthwanima, kenako amazula sipika ya agogo ake pasoketi n'kuibwezera.

Lamlungu lapitali mvula inatilepheretsa kupita nawo kutchalitchi. Ndinawaikira mapemphero a pa wailesi, ndinatseka chitseko, ine n'kupita kukasenda mbatata. Patapita ola ndinasuzumira. Ndinawapeza atafunda chitenje, akuimba nawo chapansipansi nyimbo yotsekera.