Tatsegula butchala, ndipo nyama yake ndi ya m'khola mwathu momwe

Abale anga, Loweruka lapitali tatsegula butchala yathu pano pa Mitundu, nde ndati ndisangoponya zithunzi za firiji yatsopano ndi sikelo basi, ndikuuzeninso komwe nyama imene muzigula pamenepo ikuchokera, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa kuti amayi kodi ng'ombe zanuzi ndi mtundu wanji, bwanji sizioneka zikuluzikulu ngati za m'mafamu ena koma mukuziyamikira chonchi. Nkhaniyi ndi yayitali ndithu koma pirirani nane, lero ndine wonyadira kwambiri.

Ife sitinayambe ndi ndalama. Tinayamba ndi ng'ombe zachikuda zimene malemu amalume anga anatisiyira, zija za linunda, zochepa thupi, zimene alangizi amati Malawi Zebu. Anthu ankati mzimayi ndi ng'ombe wapi ndi wapi, mungozigulitsa izi mugule malata. Koma ine ndi abambo akunyumba tinagwirizana zoti khola la amalume lisathe, m'malo mwake likule ndipo ng'ombe zake zizikhala ndi nyama yambiri. Nde tinakatenga loni ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, nkugula nkhunzi ndi misoti ya magazi a Brahman, mtundu wa ng'ombe zazikulu zanyama, kwa bambo ena amene amabweretsa ng'ombe kuchokera kuchigwa cha Shire. Zinali zokongola zedi, makutu ogwa, msana wautali, anthu ankachita kuima panjira kuzionerera. Bambowo analumbira kuti zonse zinabayidwa katemera wa matenda a nkhupakupa, mpaka kutionetsa kapepala.

Mvula itagwa, udzu utatalika mu Januwale, msoti umodzi unayamba kupatuka pa zinzake, osadya, ubweya utaima. Mnyamata wathu woweta anandiitana kuti amayi tagwirani apa, pansi pa khutu panali mwanabere wamkulu ngati dzira la nkhuku, ndipo mkati mwa khutumo munali nkhupakupa zing'onozing'ono zofiirira zili thithithi. A vetenale atabwera pa njinga yamoto anayeza kutentha kwa thupi, kunali kutadutsa madigiri 40, anangopukusa mutu nkuti amayi iyi ndi East Coast Fever. Tinagula mankhwala odula kwambiri, tinabaya, koma matendawa akalowa m'mapapo basi ng'ombe imangopuma mobanika, thovu likutuluka m'mphuno, maso akuchita nkhungu, iwe uli chiimire osadziwa chochita. Inafa. Ina inatsatira, kenako ina, pomaliza nkhunzi ija imene tinaikapo mtima wathu wonse. A vetenale atang'amba imodzi anandionetsa mapapo odzaza madzi ndi thovu, mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona.

Chimene ambiri sadziwa ndi choti usiku womwewo kunabwera anthu kudzapempha kuti tiwagulitse ng'ombe zakufazo motchipa, akuti akagulitsa mmawa palibe adzadziwe. Ng'ombe zoti zadzaza majekeseni, zoti zafa zokha. Tinali ndi ngongole, m'nyumba munalibe kanthu, koma abambo akunyumba anakana, anati nyama imeneyi ikadyedwa ndi ana a anthu. Tinakumba maenje nkukwirira. Bambo ogulitsa aja foni yawo inasiya kupezeka kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndikudziwa mumawerenga zimene ndimalemba pano, kapepala kanu kaja ndinakasunga, Mulungu akuoneni ndipo musadzachitenso izi kwa mlimi wina. Inunso obwereketsa ndalama, amene munabwera ndi fayilo dothi la pamaenje lisanaume nkumawerenga malata a nyumba yathu pamaso pa ana anga, tinakubwezerani yonse ndi chiwongoladzanja chake mpaka tambala yomaliza, ndipo pano mukamatiimbira kuti amayi tili ndi loni ina yabwino ya alimi akuluakulu, musadabwe kuti sitiyankha.

Koma mkati mwa maliro a ng'ombewo tinaona chinthu. Ng'ombe za amalume zinkadya msipu womwewo, kumwa padambo lomwelo, nkhupakupa zake zomwezo, koma palibe yaikulu olo imodzi inafa. Tiana tina tinatupa mwanabere, tinafooka masiku angapo, kenako tinadzuka nkumayamwa. A vetenale ndi amene anatifotokozera kuti matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamafalitsidwa ndi nkhupakupa zokonda kukhala m'makutu zija, ndipo ndi ofala kuno kuchigawo chapakati ndi kumpoto, pomwe kuchigwa kotentha kuja nkhupakupa zamtunduwu sizichuluka. Nde ng'ombe yobadwira kumeneko ikabwera kuno thupi lake silidziwa kanthu za matendawa, pomwe zachikuda zakuno zakhala zikulimbana nawo mibadwomibadwo, zofooka zinafa kalekale, zimene zinatsala ndi zimene zabereka zathuzi. Kuyambira pamenepo tinati maziko a khola lathu akhala ng'ombe zazikazi zachikuda, Brahman azingobwera kudzathira thupi pang'ono.

Ntchito imene yatifikitsa pano ndi yosankha, ndipo ndi yochedwa kwabasi chifukwa ng'ombe imatenga bere miyezi 9 ndipo msoti wachikuda kuti ubereke koyamba pamadutsa zaka zitatu kapena kuposa. Ng'ombe iliyonse ili ndi nambala pakhutu ndi tsamba lake m'kope. Tisanapopere mankhwala a dibi timayamba tayang'ana m'makutu, kunsi kwa mchira ndi kubere, ndipo mungadabwe, pa ng'ombe zogona khola limodzi ina imakhala ndi nkhupakupa zowerengeka pomwe inzake zimachita kuiunjikira nthawi zonse. Timalemba zimenezo. Timalembanso iti yadwala, yabayidwa kangati, iti imabereka chaka ndi chaka, iti imafika mu Okutobala nthiti zisakuoneka. Imene ikudwaladwala, olo ikhale yokongola bwanji, mwana wake wamphongo timathena ndipo wamkazi sitimusunga kuti abereke. Anthu ena amati amayi mukuwononga nkhunzi yabwino iyi, taonani khosi lake, ine ndimangotsegula kope nkuwaonetsa tsamba la mayi wake. Nkhunzi imene timagwiritsa ntchito magazi ake a Brahman sapitirira theka, ndipo timaisintha isanafike pokwera ana ake omwe, chifukwa chibale chikachuluka m'khola ana amabadwa onyentchera ndipo mphamvu ija tikuifunayo imatha.

Apa ndinene momveka kuti wina asadzanamizidwe. Ng'ombe yopirira matenda sikuti siidwala ayi, ndipo aliyense wokuuzani kuti zake sizifuna dibi kapena katemera akukunamizani. Ife timapopera, makamaka nthawi yamvula, ndipo tiana tonse tokhala ndi magazi a Brahman timabayitsa katemera wa East Coast Fever. Ambiri sadziwa kuti katemerayu amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, mpaka mayiko ena amadzatenga kuno. Amabwera m'chithanki chozizira kwambiri cha nayitirojeni, amabaya limodzi ndi jekeseni ya oxytetracycline kuti mwana wa ng'ombe adwale pang'ono chabe thupi liphunzire, ndipo ndi kamodzi basi moyo wake wonse. Kachubu kamodzi ndi ka ng'ombe zambiri, nde timaitanizana ndi anzathu a makola oyandikana tsiku limodzi kuti katemera asatayike. Kusiyana kwake ndi koti ng'ombe zathu zimafuna mankhwala ochepa, ndipo tinaziona bwino kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala a ziweto anakwera moti anzathu ena anasiya kupopera, ife zinatiwawa koma tinapirira. Chilala cha 2024 chitabwera msipu nkuuma msanga, ng'ombe zathu zinaonda inde koma zinadutsa ndi udzu umene tinafutsa, mapesi, zotsalira za mtedza, masamba a lukina ndi madeya pang'ono, ndipo mvula itabwera zinabwerera msanga.

Tsopano mukuti zikukhudza bwanji nyama ya pa mbale yanu. Pa botolo lililonse la jekeseni ya ziweto pamalembedwa masiku oti adutse ng'ombe isanaphedwe, kuti mankhwalawo ayambe atuluka m'thupi. Ndi angati amawerenga pamenepo? Zimene zimachitika kawirikawiri ndi zoti ng'ombe ikadwala, mwini wake amabaya, akaona kuti sizikusintha amathamangira kukagulitsa isanafe, mawa lake ili pa mbedza, inu mwagula mwadyetsa ana, mankhwala aja alowa mwa iwo, ndipo azaumoyo akhala akuchenjeza kuti zimenezi zimathandizira kuti mankhwala ena asiye kugwira ntchito munthu akadwala. Ife ng'ombe imene yabayidwa siiyandikira kophera mpaka masiku ake atakwana, kope lija ndi limene limanena, ndipo poti zathu sizidwaladwala zambiri zimafika pophedwa zisanabayidwe jekeseni yochiza kwa miyezi yambiri. Sitipha ng'ombe zokalamba zotopa ndi ngolo, timapha zothena zazing'ono msinkhu. Zimakula ndi msipu, madeya ndi ongomalizira, nchifukwa chake mafuta ake ndi ochepa ndipo amaoneka achikasu pang'ono, musaope mukaona choncho, ndi mtundu wochokera ku udzu wobiriwira, si kuti nyama yagona. Ndipo poti nyama yachikuda anthu amaidandaula kulimba, ife timaipachika m'chipinda chozizira masiku angapo kuti ifewe tisanadule, tinaika sola kuti magetsi akathima isaonongeke.

Palinso tinthu tina timene anthu amationa ngati tachabe. Madambo okhala ndi madzi oima amakhala ndi nkhono zimene zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi, nde tinakumba chitsime nkumanga chomwera kuti ng'ombe zisamalowe m'matope, komanso timamwetsa mankhwala a nyongolotsi pa nthawi yake. Masese aja ambiri mumawadziwira ku nkhumba amapezekanso mu nyama ya ng'ombe, ndipo amabwera anthu akamadzithandiza patchire pomwe ng'ombe zikudya, nde kubusa kwathu tinamanga chimbudzi, anthu anaseka kuti chimbudzi cha ng'ombe kodi, koma kuyambira pamenepo oyeza nyama sanatibwezerepo ng'ombe chifukwa cha masese. Ng'ombe iliyonse imayezedwa ndi a vetenale isanaphedwe komanso itaphedwa, amayang'ana mapapo, chiwindi, mtima, lilime, ndipo chidindo chawo mudzachiona pa nyama, mukafuna funsani tikuonetsani.

Zothokoza ndili nazo zambiri. Choyamba Mulungu amene anatigwira dzanja chaka chija. Abambo akunyumba, inu amene munakana kugulitsa nyama yakufa tili ndi njala, ulemu wanu, butchala iyi inayambira pa kukana kwanu kuja. Malemu amalume, mupumule mumtendere, ng'ombe zanu zija ankaziseka zija lero zidzukulu zake zikulipira fizi. Amayi anga amene anagulitsa mtedza wawo wonse kuti tibweze gawo la ngongole osandiuza nkomwe, ndinadzamva kwa achemwali. Achimwene anga a ku Johannesburg amene ankatumiza kangachepe mwezi ukatha olo iwo zikuwavuta. A vetenale athu, amene amadzuka usiku tikaimba ndipo sanatope kutiphunzitsa, pamodzi ndi alangizi a ziweto a dera lathu lino. Anyamata athu oweta, amene amadziwa ng'ombe iliyonse ndi khalidwe lake ndipo amaona kuti yadwala ine ndisanaone, inu si antchito chabe ndinu eni khola. Agogo a mfumu amene anatipatsa malo odyetsera ndi kuweruza mwachilungamo ng'ombe zitalowa m'munda mwa eni. Amayi anzanga a banki mkhonde, amene munandikongoza popanda kuwerenga malata anga. Amayi a mvano amene munabwera kudzapemphera nafe pakhola. Ana asukulu a ku Bunda amene amabwera kudzaphunzira nkutisiyiranso nzeru za kalembedwe ka m'kope. Anyamata a kanyenya ndi achiwaya amene munayamba kutigula tisanakhale ndi dzina, komanso makasitomala a m'tauni amene munkadikira moleza mtima tikakuuzani kuti sabata ino kulibe, ng'ombe sinakwane masiku ake. Ngati ndaiwala wina mundikhululukire, mtima wadzaza.

Nde bwerani mudzalawe. Tili ndi siteki, nthiti, nyama yogaya, mafupa a supu, chiwindi, nthumbwana ndi mapazi, ndipo timatsegula Lolemba mpaka Loweruka. A ku Lilongwe tauni timabweretsa Lachisanu mukaoda pofika Lachitatu, yoikidwa bwino mu kula bokosi. A ukwati, zinkhoswe za ana anu kaya ziliza, tiuzeni kukadali nthawi tikusungireni ng'ombe yathunthu, mukhoza kubwera kudzaisankha nokha pakhola. Alimi anzanga ofuna mbewu, chaka chino tili ndi nkhunzi zazing'ono ndi misoti yowerengeka, zobayidwa katemera pamaso pa a vetenale, iliyonse mudzatenga ndi tsamba lake la m'kope kuti mudziwe mayi wake ndani ndipo anadwalapo chiyani, komanso tikuthandizani kutenga pemiti yoyendetsera. Musagule musanaone, bwerani kaye mudzazigwire m'makutu, mitengo tikambirana ku inbox kapena pabutchala pomwepo.