Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chaka Chimene Ndinalisowa Dzuwa

Ndinafika mumzinda wa Leeds ku Britain mu Seputembala n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba usiku. Mu Disembala ndinkaweruka m'mawa kusanache bwino, ndikamadzuka n'kuti kutada kale, chifukwa kuno nyengo imeneyo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Masabata ankatha osaliona n'komwe.

Pofika Januwale m'thupi monse munkangophwanya. Kukwera masitepe 12 a pamalo omwe ndinkakhala kunali ngati ndasenza thumba la chimanga. Koma chopweteka kwambiri chinali mumtima. Misozi inkangotsika popanda chifukwa. Amayi akaimba pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu, ndinkangoiyang'ana foni mpaka isiye kulira. Nsima ndinkaphika, n'kuisiya m'mbale mpaka kuuma pamwamba.

Mayi wina wa kwathu yemwe tinkapemphera limodzi anandigwira dzanja titatuluka m'tchalitchi. "Achemwali, si inu amene ndinakuonani pofika paja. Mawa tipite kwa dokotala."

Atandiyeza magazi, vitamini D anapezeka ali pansi pa 25, mlingo womwe kuno amati ndi kuperewera kwenikweni. Dokotala anandifotokozera mofatsa kuti khungu limapanga vitaminiyu likawombedwa ndi dzuwa, koma dzuwa la ku Britain kuyambira Okutobala mpaka Malichi lilibe mphamvu yokwanira. Khungu lakuda ngati langa limafuna dzuwa lochulukirapo, n'chifukwa chake a NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma kuno, amalangiza anthu ngati ife kumwa mamaikilogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Ine wobadwira ku dzuwa, ndinali ndisanamvepo zoti dzuwa n'chakudya cha thupi.

Anandiuzanso mosabisa kuti anthu ambiri ovutika maganizo amapezeka ndi vitamini D wochepa, koma mapilitsi paokha sachiza nthenda ya maganizo. Ndimawathokoza mpaka lero chifukwa sanandinamize. Anandilembera mapilitsi amphamvu omwa kamodzi pa sabata, n'kunditumizanso kwa alangizi.

Mafupa ndiwo anayamba kumasuka, patatha mwezi ndi theka. Mtima unachedwa. Ndinapempha kuti andisinthe ndizigwira masana, ndinkagula nsomba ya makerele ndi mazira poti zili ndi vitamini D, ndipo Lamlungu lililonse mayi uja ankabwera kudzanditenga kuti tiziyenda pa Roundhay Park ngakhale kukuzizira.

Lamlungu lina mu Malichi tili pa benchi pafupi ndi nyanja ya pakipo, foni inalira. Anali amayi. Ndinayankha.

Zimene anandiuza tsiku limenelo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.