Mmene Ndimatsukira Ndege Yaing'ono Kunja Kwake

Ndisanatsegule madzi, ndimayamba ndatsimikiza kuti injini yazizira, makiyi achotsedwa ndipo matayala atsekerezedwa. Propela sindiipukusa ndi dzanja popanda chifukwa, popeza waya wa magneto (kachipangizo kamene kamapanga moto woyatsira mafuta mu injini) akaduka injini ikhoza kulira ngakhale swichi ili yozimitsa. Kenako ndimatseka malo amene madzi sayenera kulowamo, makamaka kachubu ka pitot, kamene pa ndege yaing'ono ya Cessna 172 kamakhala kunsi kwa phiko lakumanzere, ndi kabowo ka static ka m'mbali mwa ndege. Zida zoonetsa liwiro ndi kutalika kwa ndege m'mwamba zimadalira mpweya wodutsa m'menemo. Ndimamata tepi ya mtundu wowala n'kusiya nsonga yake ikulendewera, ndipo malo onse amene ndamata ndimawalemba papepala. Mu 1996 Boeing 757 ya Aeroperú inagwera m'nyanja kufupi ndi Lima, anthu 70 n'kufa, chifukwa tepi imene inamatidwa pa timabowo ta static poyeretsa ndegeyo sinachotsedwe.

Ndimatsuka ndi paipi wamba, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Makina opopera madzi mwamphamvu sindiwafuna n'komwe, chifukwa amakankhira madzi m'mahinjesi ndi kukokolola girisi. Sopo amakhala wopangidwira ndege. Mankhwala ena ochotsa mafuta a m'nyumba amadya aluminiyamu, ndipo akalowa pamene malata alumikizana amatsalira momwemo. Tizilombo touma kutsogolo kwa mapiko ndimatinyowetsa kaye mpaka titafewa, osati kutipala.

Mawindo ndiwo amafuna kuleza mtima. Si galasi koma pulasitiki ya acrylic, imene imakalika msanga. Ndimathirapo madzi ambiri n'kusisita ndi chikhatho chopanda mphete kuti ndimve kamchenga kalikonse, ndipo pokhapo m'pamene ndimatenga nsalu yofewa ndi yoyera. Ndimapukuta molunjika, m'mwamba ndi pansi, chifukwa kupukuta mozungulira kumasiya timizere timene timathobwa m'maso woyendetsa akayang'anizana ndi dzuwa. Mankhwala a mawindo okhala ndi amoniya amachititsa pulasitikiyi timing'alu tosafafanizika, ndipo nsalu imene yagwa pansi sindiibwezeranso pawindo.

Kumimba kwa ndege ndi kumene ambiri amathawako, komatu n'kumene kuli ntchito. Kumakhala oyilo wosakanikirana ndi fumbi pamodzi ndi mwaye wa ekizozi, umene uli ndi mtovu wochokera ku mafuta abuluu oyendetsera ndege otchedwa 100LL, choncho ndimavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso ndisanagone chagada. Ndimasamala ndi ma antena ndiponso kuti sopo asafike pa mabuleki. Ndili komweko ndimayang'ana ngati timabowo totulutsa madzi tatseguka, ngati pali rivet (msomali wolumikizira malata) yozunguliridwa ndi kamzere kakuda kosonyeza kuti ikugwedera, ndiponso ngati penti watupa kapena patuluka ufa wotuwa, umene ndi dzimbiri la aluminiyamu. Zimenezi sindizikonza ndekha, ndimakazionetsa kwa injiniya wovomerezeka.

Ndikatsukuluza ndi kuumitsa, ndimapaka polishi pang'ono popewa timabowo ta pitot ndi static tija, ndipo mahinjesi ndimawathira mafuta amene buku la ndegeyo limatchula. Ndimachotsa tepi motsatira pepala lija, n'kuwerenga zidutswa zake kuti zikwane. Ndege isanauluke ndimatapa mafuta pang'ono kunsi kwa thanki iliyonse m'kachubu koonekera mkati, chifukwa madzi akalowera pa chitsekerero amakhazikika pansi, ndipo amaoneka ngati timadontho toyera kunsi kwa mafuta abuluu.