Sabata ya zilonda za agalu

Mvula ikangokhazikika, ntchito yathu pachipatala cha ziweto kuno ku Lilongwe imasanduka ya khungu. Sabata yathayi agalu ambiri amene analowa pakhomo anali odzikanda, onunkha, ena ubweya utayoyoka.

Lolemba mlonda wa nyumba ina anabwera ndi chigalu chaubweya wambiri, patsaya pali chilonda chofiira, chonyowa, kukula kwake ngati chikhatho. "Adokotala, dzulo m'mawa panalibe kanthu apa," anatero, nkhope ili gwa, poopa kuti abwana ake aganiza kuti wamuthira madzi otentha. Sankanama. Chilonda chotere chimakula tsiku limodzi lokha. Pena payabwa, galu akanda mpaka khungu kung'ambika, ndiye mabakiteriya a Staphylococcus, omwe amakhala kale pakhungupo, apeza polowera. Ubweya wonyowa n'kuphimba zonse. Titameta tinapeza kuti chafalikira mpaka m'khosi. Tinatsuka ndi chlorhexidine, mankhwala opha majeremusi, kenako ndinasuzumira m'khutu la mbali yomweyo: mafinya okhaokha. Gwero lake linali limenelo, ndipo tikanangopaka mankhwala patsayapo akanabweranso mwezi usanathe.

Pakati pa sabata zinali mphutsi. Ntchentche yake, Cordylobia anthropophaga, imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi pomwe pali mkodzo, ndipo tiana tagalu togona pamenepo timatuluka zithupsa pamimba ndi m'miyendo, chilichonse chili ndi kabowo kopumirapo mphutsiyo. Umapaka Vaseline pakabowopo, kudikira pang'ono, n'kufinya modekha kuti ituluke yathunthu. Mayi mwini tiagaluto anathawira panja itangotuluka yoyamba. Ndinawakumbutsa kuti ntchentche yomweyi imaikiranso pazovala zoyanikidwa, choncho malaya a ana asamavalidwe osasita.

Chimene chinandipweteka mtima ndi cha Lachisanu. Galu wowonda, m'mbali mwa makutu ndi m'zigongono muli nkhanambo, thupi lonse atamupaka oyilo wakuda wochokera mu injini. Bambo mwini galuyo anauzidwa ndi anzawo kuti mphere zimatha choncho. Oyiloyo amawotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Tinayamba kumusambitsa kaye. Ndinapala khungu n'kuyang'ana pa maikulosikopu, koma kachilombo ka Sarcoptes, koyambitsa mphere, kamavuta kupeza, kotero ndinafunsa ngati kunyumba kuli amene akuyabwidwa. Ana awiri, m'mikono. Ndinawauza kuti anawo apite kuchipatala cha anthu, agalu onse apakhomo alandire mankhwala, ndipo chiguduli chogonera chiwotchedwe.

"Ingomubayani jakisoni imodzi yamphamvu, adokotala, ndilibe ndalama yomabwerabwera."

"Bambo, mphere sizitha ndi imodzi. Palinso mafinya pansi pa nkhanambozi, mapiritsi ake ndi a masabata atatu, ndipo musasiye mukangoona kuti wayamba kuchira."

Anawerenga ndalama za m'thumba, n'kugula mapiritsi a sabata imodzi. Otsalawo akuti adzatenga akalandira malipiro.