Msampha wa kumpanda kwa munda wa kiwi

Bambo eni munda wa kiwi wa kufupi ndi tauni ya Faenza, kumpoto kwa Italy, anandidikirira lero pa msampha wa tizilombo umene tinatchera kumpanda kwawo, ndipo tisanamalize n'kulonjerana komwe anandiuza kuti ndiuzule. M'manja anali ndi chipatso chimene anachidula pakati ndi mpeni. Khungu lake linali losalakwika, koma pansi pa khungulo panali timadontho toyera, touma ngati chitsekerero cha botolo la vinyo, pamene kachilombo kanabaya ndi mlomo wake wosongoka n'kuyamwa madzi. "Mwana wanga," anatero, "tizilomboti tinali m'tchire umo, ndipo ndinu mwatiitanira ku zipatso zanga."

Chimene chandisowetsa mtendere mpaka usiku uno n'chakuti bambowo sananame. Mumsampha timaikamo mankhwala otsanzira fungo limene tizilombo ta Halyomorpha halys, timene kuno ku Italy amati cimice asiatica, timaitanirana nalo, ndipo si tonse tobwera timene timalowamo, pakuti tambiri timangotera pa masamba ndi zipatso zoyandikana nawo. N'chifukwa chake msampha sitiuika pakati pa munda. Koma n'zoonanso kuti mizere ya m'mphepete ndiyo imayamba kuwonongeka ngakhale pamene palibe msampha, chifukwa tizilomboti timachokera m'mipanda, m'mitengo ya m'mbali mwa ngalande ndi m'nyumba zimene timabisalamo nthawi yozizira. Ndinawafotokozera zimenezi modekha, koma iwo anangondionetsanso chipatso chija.

Sindingawadzudzule. Kachilomboka, kamene kwawo ndi kum'mawa kwa Asia, kanapezeka m'dera la Modena mu 2012, ndipo pofika 2019 kanali katasakaza mapeyala ndi mapichesi kumpoto kwa dziko lino. Bambowa anandiuza kuti chaka chimenecho chitatha anazula mapeyala awo onse, ndipo kiwi ndi amene watsala. Munthu amene anazulapo mitengo yodzala yekha samva msanga za kuwerenga tizilombo, chimene amafuna ndi kupopera.

Apa m'pamene ndinawapempha kuti titembenuze masamba limodzi. Pansi pa tsamba lina tinapeza mazira ataunjikana pamodzi, monga amachitira, pafupifupi 28, koma m'malo mooneka oyera mobiriwira anali atada. Ndinati, "Bambo, mazira awa sadzaswa ana a kachilombo kaja ayi." Nthawi zambiri mazira akada chotero ndiye kuti kamavu kakang'ono kaikiramo mazira ake, ndipo kodziwika kwambiri ndi Trissolcus japonicus, kamene anayamba kukamwaza m'madera ano mu 2020. Mankhwala opha chilichonse amaphanso kamavuka, pamene tizilombo tikuluti timauluka n'kubweranso patapita masiku ochepa. Ntchito ya msampha, pamodzi ndi kugwedeza nthambi ndi kuyang'ana masamba, ndiyo kutiuza nthawi imene ana osauluka achuluka, kuti kupoperako kuchitike pa mizere yoyenera ndi pa nthawi yake, osati mwachimbulimbuli.

Fungo la tizilombo timene ndinakhuthula mumsampha likadali m'zala ngakhale ndasamba ndi sopo, ndipo mtima ukundiwawa poona kuti mlimi amene amapirira msampha pakhomo pake ndi amene amathandiza anzake onse a m'deralo kudziwa za mliri, koma zipatso zobayidwa n'zake yekha. Ku New Zealand, kumene kiwi ndi chuma chachikulu, mu 2018 anabweza sitima zonyamula magalimoto kuchokera ku Japan atapezamo tizilomboti. Kuno kubweza kunachedwa kale.

Bambo aja anayang'anitsitsa mazirawo kwa nthawi yaitali, kenaka anathothola tsambalo n'kuliika m'thumba la malaya. Anati akambirana ndi mwana wawo za kutseka m'mbali mwa munda ndi ukonde, ngakhale mtengo wake ndi wokwera, ndipo za msampha ayankha sabata ya mawa.