Mbuzi ija ilimodi mu kafukufuku wanga

Popeza wina waulula kale pa gulu lathu la WhatsApp, bola ndinene ndekha asanathire mchere wina. Inde, mbuzi ilimo. Koma mumve kaye mmene inalowera.

Kafukufuku wanga ndi wofuna kuona mmene chiyankhulo chimabisira mphamvu pasukulu: amayankhula ndani, amadulidwa pakamwa ndani. Kufupi ndi Bangula nkhaniyi n'njooneka ndi maso. Mwana amadzuka ndi Chisena, pasukulu n'kukumana ndi Chichewa chomwe chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, pomwe lamulo la maphunziro la 2013 likufuna Chingerezi. Ndiye ndinasonkhanitsa makolo pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, foni n'kuika pampando kuti ijambule maganizo awo.

Ndimati ndingopereka mawu oyamba. Koma munthu wagona ndi mabuku chaka chonse, angangoti "takulandirani" n'kukhala pansi? Ndinawauza za Paulo Freire wa ku Brazil, amene ankadzudzula mphunzitsi wothira nzeru mwa ana ngati akusungitsa ndalama kubanki, anawo ali duu. Ndinadutsa kwa Althusser, woti sukulu ndi chida cha boma choumbira maganizo a anthu. Thukuta lili kamukamu, ndinafikanso kwa Fairclough, katswiri wosanthula mmene mphamvu imaonekera m'mayankhulidwe a anthu.

Usiku, ndili m'neti, ndinayamba kulemba zimene foni inajambula, n'kumawerenga mipata imene aliyense anayankhula monga njira ya Fairclough imafunira. Ine. Ine. Ine ndikumwa madzi. Ine ndikudzifunsa funso n'kudziyankha, n'kudziyamikira kuti funsolo n'labwino. Kenako mbuzi: meee. Ndipo abale, mbuziyo inalira pomwe ndinangomaliza kunena kuti oponderezedwa ayenera kumveka. Ndinabwezera kumbuyo kuti ndimvetsetse. Inalira momveka bwino, mosachita mantha, ngati yakhala ikudikira mpata kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndipo ine, mwaulemu wonse, ndinaidikira kuti imalize.

Amene sindinawadikire ndi agogo ena aakazi. Chakumapeto akumveka akuyamba kufunsa m'Chisena, ndipo mawu ena ake, amene anzanga akuumirira kuti ndi anga, akuti: "Pepani agogo, m'Chichewa chonde, nthawi yatithera."

Pamenepa mundimvetse. Batire inali itafiira, wakabaza anali atayamba kale kuliza belu, ndipo Chisena changa chimathera pa moni. Komanso mutu ukawira ndi kutentha kwa kuchigwa, ngakhale Freire mwiniwake akanafupikitsa msonkhano.

Ondiyang'anira pa kafukufuku atamvetsera anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti ndisataye chilichonse, umboni woposa uwu sindidzaupezanso, ndingosintha dzina la wofufuzidwa. Chotero m'mutu wachinayi muli "Mphunzitsi A", munthu wolongolola amene sindikumudziwa.

Mbuziyo sinasaine fomu yovomereza kujambulidwa. Nkhani imeneyo tikukambiranabe.